Tisamaunjike matesiti onse pamodzi, tiyeni tiwagawe m'magulu

Anzanga olemba code, pali chinthu chimene chimandiwawa mtima ndikachiona mu project, ndipo sichisowa ayi. Matesiti, timapulogalamu toyesa ngati code ikugwira bwino, alipo, ambiri ndithu, anthu anatuluka thukuta powalemba, koma palibe amene amawayendetsa asanapushe code yake. Ukafunsa chifukwa yankho limakhala lomwelija, "amachedwa aise, ndingodikira CI indiuze". Nde CI, makina aja amene amayendetsa matesiti okha code ikapushidwa, ikamadzafiira kusonyeza kuti tesiti yagwa, munthu wayamba kale ntchito ina, mutu uli kwina, abwererenso kukakumbukira kuti kodi m'mawa uja ndinasintha chani. Ukalowa mkati kuti uone chikuchedwetsa nchani, umapeza kuti katesiti kongoona ngati function ikuphatikiza bwino manambala awiri kaikidwa pa batani limodzi ndi chitesiti chimene chimadzutsa database, kupanga ma table, kutumiza request pa intaneti nkumadikira yankho. Kachangu kaja kakanatha m'kuphethira kwa diso koma kakuyenera kudikira mnzake, ndipo mapeto ake onse awiri sayendetsedwa.

Ine maganizo anga ndi akuti matesiti tiziwagawa potengera zimene tesiti ikufuna kuti iyende, kaya ikufuna database, kaya netiweki, kaya mafayilo, kaya sikufuna kalikonse. Dzina loti iyi ndi unit (yoyesa kagawo kamodzi) iyi ndi integration (yoyesa zigawo zingapo pamodzi) libwere pambuyo, olo lisabwere kumene.

Ndikutero chifukwa mkangano wa mayinawu sutha. Wina amati unit ndi function imodzi, wina amati ndi class imodzi, wina amati ma class angapo ogwirira ntchito limodzi bola asatuluke kunja, ndipo aliyense ali ndi mfundo zomveka. Mutha kukhala pa meeting mpaka dzuwa kulowa osagwirizana. Koma funso loti "kodi tesiti iyi imalankhula ndi database?" lilibe mkangano, yankho lake ndi eya kapena ayi, ndipo olo kompyuta itha kukuyankhirani.

Kent Beck atalemba SUnit, chida choyendetsera matesiti m'chinenero cha Smalltalk, kenako iye ndi Erich Gamma nkulemba JUnit ya Java mu 1997, cholinga chinali choti wolemba code azitha kuyendetsa matesiti pafupipafupi, wasintha mzere wayendetsa, wasinthanso wayendetsanso. Mphamvu yonse ya kachitidwe kameneka ili pa liwiro. Ikangotenga nthawi yaitali munthu amasiya, si ulesi, ndi mmene mutu wa munthu umagwirira ntchito basi. Nchifukwa chake mu 2005 Michael Feathers analemba timalamulo tochepa tosiyanitsira, ndipo mpaka pano ine ndimaona kuti palibe poyambira pabwino kuposa pamenepa. Iye anati tesiti si unit test ngati ikulankhula ndi database, ngati ikudutsa pa netiweki, ngati ikukhudza mafayilo a pa disk, ngati singayende nthawi imodzi ndi matesiti anzake, kapena ngati pakufunika kukonza kaye zinazake pa kompyuta, monga kusintha config, kuti iyende. Sananene kuti matesiti oterowo ndi oipa ayi, ndi ofunika kwambiri, kungoti akhale paokha kuti achangu aja azitha kuyenda nthawi ina iliyonse.

A Google anapita patsogolo, anangowasiya mayina aja nkumati small, medium ndi large. Tesiti ya small siloledwa netiweki, siloledwa database, siloledwa disk, siloledwanso sleep, kuimitsa code kuti idikire nthawi. Ya medium itha kulankhula ndi zinthu zimene zili pa makina omwewo, localhost basi, monga database imene mwaidzutsa pompo. Ya large nde ija imatuluka kukakumana ndi ma system ena. Mu Bazel, chida chawo chomangira code chija, tesiti iliyonse imakhala ndi size ndipo size imabwera ndi malire a nthawi: small masekondi 60, medium 300, large 900, ndipo palinso enormous ya masekondi 3600. Ikapyola malirewo imadulidwa nkulembedwa kuti yalephera. Chimene chimandisangalatsa apa nchoti gulu lili ndi mano, si chizindikiro chongomata. Ukanena kuti tesiti yako ndi yaing'ono uyenera kusunga lonjezolo.

Tione pafupi ndi chitsanzo. Tinene kuti muli ndi function yowerengera tsiku limene subscription ya munthu ithe, mwezi umodzi kuchokera pa tsiku lolipira. Mmene ambiri timalembera poyamba, function imatenga ID ya kasitomala, imapita ku database kukatenga record yake, imafunsa wotchi ya kompyuta kuti lero ndi liti, imawerengera, kenako imalembanso ku database. Tesiti yake nde iyenera kudzutsa database, kuikamo kasitomala wabodza, kuitana function, kuwerenganso record, kufufuta. Pa funso laling'ono loti munthu akalipira pa 31 January subscription ithe liti poti February alibe 31, mwagwiritsa ntchito zonsezo. Ndipo poti function ikufunsa wotchi yeniyeni, tesitiyo imadutsa bwinobwino masiku ena onse nkudzagwa kumapeto kwa mwezi, aliyense nkumadabwa kuti chasintha nchani poti palibe wakhudza code.

Tsopano ing'ambeni pawiri. Mbali yowerengera ikhale payokha, izilandira tsiku ngati parameter nkubweza tsiku lina, isadziwe zoti kunja kuli database kapena wotchi. Pamenepo mutha kulemba matesiti ochuluka mmene mungafunire, 31 January m'chaka wamba, 31 January m'chaka chimene February ali ndi masiku 29 ngati 2024, 31 December kulowa chaka china, 30 April, onsewo amatha musanachotse chala pa kiyibodi. Mbali yotenga ndi kusunga ku database ikhale ndi tesiti imodzi kapena ziwiri zongotsimikiza kuti zimene talemba nzimene tikuwerenga. Apa nde ubwino wina wa kugawa umaonekera, ukangoyamba kufunsa kuti tesiti iyi ilowe gulu liti umayambanso kuona malo amene code yako yasakaniza kuganiza ndi kulankhula ndi za kunja. Piramidi ija imene Mike Cohn anaitchukitsa, yoti matesiti aang'ono achuluke pansi ndipo akuluakulu achepe pamwamba, imabwera yokha code ikang'ambidwa chonchi, simuchita kuikakamiza.

Pang'ono pokha pa nkhani ya ma mock, zinthu zabodza zimene timaika m'malo mwa zenizeni pa tesiti, poti ndikudziwa wina aganiza kuti njira yachidule ndi kungoika mock pa database kuti tesiti ilowe gulu la zachangu. Nthawi zina nzoyenera. Koma ngati chimene mukufuna kutsimikiza ndi query ya SQL yeniyeniyo, mock siikuuzani kanthu, imangobweza zimene inu mwaiuza kuti ibweze. Chimodzimodzi kuyesa pa SQLite pamene production yanu ili pa PostgreSQL, ziwirizi zimasiyana pa zinthu zambiri, mwachitsanzo SQLite mwachizolowezi siikakamira kwambiri mtundu wa data mu column pamene PostgreSQL imakana pompo. Tesiti ya query ivomereni kuti ndi ya gulu lapakati, idzutsireni database yeniyeni mu Docker (chida choyendetsera pulogalamu m'kabokosi kakekake kotchedwa container), zida ngati Testcontainers zinapangidwira zomwezo, ndipo ichedwe mmene ikuchedweramo kumbali kwakeko.

Za zida sindichedwapo kwambiri poti pafupifupi chilichonse chili ndi njira yake. Mu pytest, chida choyendetsera matesiti ku Python, mumaika @pytest.mark.slow pamwamba pa tesiti, nde polamula mumati pytest -m "not slow" kuti ochedwa atsale. JUnit 4.8 inabweretsa @Category, ndipo JUnit 5 imene inatuluka mu 2017 inasintha nkukhala @Tag, yosavuta poti mumangolemba mawu osachita kupanga interface. TestNG ili ndi groups. Ku .NET, NUnit ili ndi Category, MSTest ili ndi TestCategory, xUnit ili ndi Trait, ndipo onsewo mumawasefa ndi dotnet test --filter. A Maven amagawa ndi dzina la class, Surefire imatenga ma class othera ndi Test pamene Failsafe imatenga othera ndi IT nkuwayendetsa pa sitepe ina yapatsogolo. Go ili ndi go test -short komanso ma build tag. Nde nkhani yoti chida chathu sichitha ilibe malo, chimene chimasowa ndi kugwirizana pa timu kuti magulu athu ndi ati ndipo tanthauzo la lililonse ndi lotani.

Kanthu kamodzi ka pytest kamene ndikupemphani musakaphonye: lembetsani ma marker anu, zizindikiro ngati slow ija, mu pytest.ini kapena pyproject.toml, kenako yatsani --strict-markers. Popanda zimenezi munthu akalakwitsa nkulemba slwo m'malo mwa slow, pytest imangopereka warning imene palibe amaiwerenga, tesiti yochedwa ija imalowa mwakachetechete m'gulu la zachangu. Mukayatsa strict imakana pompo nkunena kuti marker imeneyi sindikuidziwa. Polembetsapo mumalembanso chiganizo chimodzi chofotokoza tanthauzo la marker, ndipo munthu watsopano pa timu akalemba pytest --markers amaona zonse osafunsa aliyense.

Pali chisokonezo china chimene chimabwera anthu akangozolowera ma tag, amayamba kumata paliponse. Tag ya payments, tag ya login, tag ya reports, tag ya sprint yakutiyakuti, tag ya dzina la amene analemba, smoke, sanity, regression, critical, mpaka tesiti imodzi kukhala ndi mizere ya ma tag yochuluka kuposa code yake. Ine ndimaona kuti mafunso ndi awiri osiyana ndipo aliyense ali ndi malo ake. Funso loti tesiti ikuyesa gawo liti la pulogalamu liyankhidwe ndi foda, matesiti a payments akhale mu foda ya payments motsatira mmene code yakhalira, ukafuna amenewo okha umangopereka path basi. Funso loti tesiti ikufuna chani ndipo iyende liti nde liyankhidwe ndi tag. Mukasakaniza ziwirizi ma tag amachuluka, ena amaiwalika, munthu akasuntha code saakonza, pakapita nthawi palibe amene amawakhulupirira. Ndipo mawu ngati regression ndi sanity ndimawakayikira kwambiri, funsani anthu a pa timu imodzi kuti sanity ndi chani aliyense akuuzani zake. Magulu atatu ndi okwanira ma project ambiri: osafuna kanthu, ofuna zinthu za pa makina omwewo, ndi otuluka kunja. Smoke ndingailole ngati gulu lachinayi ngati muli ndi matesiti ochepa oyendetsa mukangomaliza deploy, poti imeneyo ili ndi nthawi yake yodziwika.

Gulu lililonse likhale ndi nthawi yake yoyendera, apo ayi kugawako kulibe phindu. Aang'ono aziyenda pa kompyuta yanu nthawi iliyonse mwasunga fayilo kapena musanapange commit, ndipo onse pamodzi azitha m'masekondi, akayamba kufika mphindi zingapo dziwani kuti mwalowa mlendo m'gululo. Apakati aziyenda pa pull request iliyonse, pamene munthu wapempha kuti code yake ilowetsedwe. Akuluakulu aziyenda code ikalowa ku main kapena usiku. Mu CI yambitsani aang'ono, akagwa imani pomwepo, palibe chifukwa chodzutsira ma container ndi ma browser pamene masamu enieniwo alakwika kale.

Tsopano apa nde pamene ndikufuna tikhalitsepo, poti kugawa kuli ndi ngozi yake ndipo ndi yaikulu. Gulu lililonse limene mwalipatula kuti lisayende pano liyenera kukhala ndi malo ena amene likuyenda, ndiponso munthu amene amaona zotsatira zake. Ndinagwirapo ntchito pa project ina imene matesiti a database anapatulidwa bwinobwino, aliyense anasangalala kuti build yafulumira, koma job ya usiku yoti iziwayendetsa inaima nthawi ina pamene ankasamutsa seva ndipo palibe anazindikira, poti job yosayenda situmiza uthenga woti yalephera. Titadzawayendetsa ambiri anali ofiira, ena chifukwa cha ma bug enieni amene anali atafika kale kwa ogwiritsa ntchito, ena chifukwa code inasintha iwo nkutsalira, ndipo kusiyanitsa awiriwa inali ntchito yowawa kwambiri. Ku Go nkhaniyi ndi yoopsa kuposa, fayilo imene ili ndi //go:build integration pamwamba siipangidwa compile nkomwe ngati simunapereke tag imeneyo, nde mutha kusintha dzina la function, zonse nkuoneka zobiriwira, pamene matesiti a mu fayilo ija sangathe olo kuyamba. Ndi -short vutoli kulibe poti tesiti imapangidwa compile kenako nkudzidumpha yokha, ndipo pa chifukwa chimenechi ine ndimakonda -short pa ma project aang'ono.

Gulu lina lofunika kulisamala ndi la matesiti osakhazikika, aja amati flaky, lero yadutsa mawa yagwa code ili yomweyo. Si vuto la ma timu aang'ono okha, mu 2016 a Google analemba kuti pafupifupi 1.5% ya maulendo onse oyendetsa matesiti kwawo amapereka zotsatira zoterezi, ndipo pafupifupi 16% ya matesiti awo anali ndi kusakhazikika kwina kwake. Zoyambitsa zake nzodziwika, sleep yodikira chinthu chimene nthawi zina chimachedwa, wotchi, ma thread, netiweki, ndi matesiti odalirana pamene ina imasiya data imene inzake ikuidalira. Mukaona bwino zambiri mwa izi ndi zomwe zija tesiti yaing'ono siloledwa kukhudza, nde kusunga malire a gulu loyamba kumachotseratu mbali yaikulu ya vutoli. Kupatula tesiti yosakhazikika kuti isatsekereze anzanu ndi nzeru, poti tesiti yogwa popanda chifukwa imaphunzitsa anthu kungodina re-run osawerenga, ndipo tsiku limene yagwa pa chifukwa chenicheni adzadinanso re-run. Koma tag ya flaky isanduke ngati chipinda chosungiramo katundu wowonongeka chimene chitseko chake sichitsegulidwa. Iliyonse yolowa mmenemo ikhale ndi ticket, dzina la amene aikonze, ndi tsiku. Iziyendabe mu CI koma isagwetse build, kuti muziona ngati ikusintha. Tsiku likakwana isanakonzedwe khalani pansi musankhe, kuikonza kapena kuifufuta, zonsezi ndi bwino kuposa kuisiya ikunamizira kuti ikuteteza kanthu.

Nanga ngati project ndi yakale, matesiti masauzande ali mulu umodzi, muyambira pati? Musayambe ndi kuwerenga fayilo iliyonse, mutopa musanafike pakati. Lolani makina akuuzeni. Mu pytest lembani --durations=20 ikuonetsani matesiti 20 ochedwetsetsa, ndipo kawirikawiri mupeza kuti ochepa chabe ndi amene akudya nthawi yambiri, mukangopatula amenewo mpweya umayamba kulowa. Kenako tsekani netiweki, pali plugin yotchedwa pytest-socket imene mukaipatsa --disable-socket tesiti iliyonse yoyesa kutsegula connection imagwa pompo, nde onse amene agwa mwawadziwa gulu lawo popanda kukangana. Njira ina yabwino ndi kumata tag kudzera mu fixture (code yokonzera tesiti zimene ikufuna, monga database), mu conftest.py mutha kulemba kuti tesiti iliyonse yopempha fixture ya database izilandira marker yokha, munthu sangaiwalenso. Mukatero yesani kusokoneza ndondomeko ndi pytest-randomly komanso kuyendetsa angapo nthawi imodzi ndi pytest-xdist, amene akugwa apa ndi aja odalirana, ndipo malinga ndi timalamulo ta Feathers tija sakuyenera kukhala m'gulu loyamba mpaka atakonzedwa.

Funso limene timu iliyonse imakumana nalo ndi loti tesiti yopanda tag ikhale gulu liti. Ine ndimati ikhale yaing'ono, poti amenewo ndi amene ayenera kuchuluka ndipo sitikufuna kuti kulemba tesiti yabwino kukhale ndi ntchito yowonjezera, wofuna database ndi amene anene. Koma izi zimagwira pokhapokha malire aja akutetezedwa ndi makina, netiweki yotseka ndi malire a nthawi pa tesiti iliyonse, kuti wolemba tesiti yolemera nkuiwala tag aione ikugwa nthawi yomweyo pa kompyuta yake.

Ndipo polemba ma filter a CI onetsetsani kuti akukwanirana osasiya mpata. Ngati job yoyamba ikuti not db and not external, yachiwiri ikuti db, yachitatu ikuti external, palibe tesiti imene ingagwere pakati. Koma ngati yoyamba ikuti unit ndipo yachiwiri ikuti integration, tesiti yopanda tag siyenda paliponse ndipo palibe chimene chikuuzeni. Njira yosavuta yotsimikizira ndi pytest --collect-only -q, werengani matesiti onse popanda filter, kenako werengani a job iliyonse nkuphatikiza, nambala yachiwiriyi isachepere yoyamba ija. Kasitepe kameneka kaikeni mu CI momwemo kuti kaziyenda pa pull request iliyonse, ndipo job ya usiku ipatseni njira yotumizira uthenga olo zonse zadutsa, kuti tsiku limene uthengawo sunabwere wina afunse.